Njinga ya Magetsi Onama

Panali munthu wina pa Mitundu, wakabaza, dzina lake Layisoni. Njinga yake yamoto sanaigule m'sitolo. Anamupangira ndi mkulu wake, munthu wokonza magetsi a galimoto, amene anatolera zitsulo za njinga zitatu zakufa n'kuzilumikiza mpaka injini inalira. Thanki inali ya njinga ina, mpando wa ina, magudumu a inanso. Sinali yokongola, tisanamizane. Koma inkayenda, ndipo ukaponda buleki getsi lofiira la kumbuyo linkayaka monga liyenera kuyakira.

Tsiku lomupatsa njingayo, mkuluyo anagwira dzanja la mng'ono wake n'kuliika pafulemu, m'munsi mwa thanki. Pamenepo panali kamalo kopanda penti, kukula kwake ngati chikhadabo, chitsulo chili pamtunda. Pakamalopo panali bawuti imene inapana waya wakuda.

"Njingayi ndi yako, uchite nayo zimene ufuna," anatero mkuluyo. "Koma apa usadzapake."

Layisoni anavomera ndi mutu, maso ali pakiyi. Sanafunse chifukwa. Mkuluyonso anali munthu wouma pakamwa, sanafotokoze. Ine ndimati onse awiri analakwa tsiku limenelo, ngakhale wina analakwitsa kuposa mnzake.

Pasiteji ya akabaza anzake anaipatsa dzina njingayo, ankaiti Zigamba. Kasitomala akabwera, wina ankakuwa kuti, "Kwerani Zigamba, mayi, koma mugwiritse, mpando ndi magudumu sizinabadwire pamodzi!" Layisoni ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa kwambiri. Tsono anaganiza zowatseka pakamwa.

Anayamba ndi magetsi. Anagula timagetsi tabuluu tam'chingwe n'kutizunguliza pansi pa thanki. Anaika tobiriwira pafupi ndi magudumu. Kutsogolo anawonjezera nyali ziwiri zoyera mbee, kumbuyo ina yothwanima. Mawaya ankalumikiza yekha, kupota ndi zala n'kukulunga tepi. Atatha magetsi anaona kuti akuwalitsa dzimbiri ndi zigamba, ndiye anamasula njinga yonse, napopera fulemu penti yachikasu, kamodzi, kawiri, katatu. Atafika pakamalo kaja anaima pang'ono. Anakumbukira mawu aja. Kenako anadziuza kuti achimwene anasiya dala kachipsera kameneka kuti iye azikumbukira kuti njingayo ndi yopatsidwa. Anamasula waya wakuda, napaka, nadikira kuti paume, n'kubwezera wayayo pamwamba pa penti.

Njinga inaoneka bwino zedi. Ndinaiona ndi maso angawa, ndipo nanenso ndinatembenuka kuiyang'ana kawiri.

Anaikwera kupita nayo kumudzi kwa mkulu wake, makilomita khumi ndi awiri. Anaiimika pabwalo, nayatsa magetsi onse, n'kuima pambali manja m'thumba kudikira kuyamikiridwa. Mkuluyo anaizungulira kamodzi. Anawerama n'kusuzumira m'munsi mwa thanki.

"Wapaka," anatero.

Anatula mawu amodzi okhawo. Za magetsi abuluu, za nyali zatsopano, za chikasu chonyezimiracho, sananene kanthu.

"Achimwene, nsanje imeneyo," anatero Layisoni. "Mumafuna ndiziyendabe pachinthu chosekedwa kuti anthu aziti ndinu amene munandithandiza."

Mkuluyo anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Layisoni analiza njinga n'kuchoka, ndipo kumudziko sanapondekonso kwa miyezi yambiri. Tsiku lina mayi wakwawo wogulitsa tomato anamuuza kuti, "Achimwene anu maso akuwavuta." Iye anayankha kuti nthawi ya fumbi aliyense maso amamuvuta, nakweza kasitomala.

Miyezi yoyambayo zonse zinkayenda. Dzina la Zigamba linafa. Ana asukulu ankaloza, atsikana ankasankha njinga yake, ndipo iye ankauza anzake kuti, "Anandiopseza kuti ndisapake. Ndapaka, chachitika n'chiyani?" Mawu a mkulu wake anawaiwaliratu.

Mvula itagwa, njinga inayamba zake.

Tsiku lina m'mawa anaponda buleki, ndipo wakabaza mnzake amene ankabwera pambuyo anamufunsa chifukwa chake akuonetsa kuti akukhota pamene akupita molunjika. Layisoni anatsika kukaona. Anauza mnzakeyo kuti aponde buleki. Getsi la buleki silinayake. M'malo mwake inayaka indiketa ya kumanzere, pang'ono chabe, ngati khala lomwe likuzima. Anayatsa indiketa ya kumanja, timagetsi tabuluu tija n'kuyamba kuphethira, indiketayo ili duu. Anasindikiza hutala, nyali yakutsogolo inachita mdima, hutalayo n'kungosisima. Anazimitsa njinga, nailizanso, zonse zinabwerera m'malo mwake. Anakanda mutu.

Mawa lake zinayambanso, koma mosiyana. Buleki inayatsa tobiriwira. Madzulo inayatsa indiketa zonse ziwiri. Tsiku lotsatira sinayatse kanthu.

Anati ndi babu, nasintha babu la buleki. Palibe. Anati ndi fyuzi, naika ina. Palibe. Wokonza mawailesi pamsika anamuuza kuti batire yatopa, ndipo anabwereka ya mnzake, koma batire yamphamvuyo inangokulitsa misala. Wina anati swichi yalowa madzi, anaimasula n'kuiyanika padzuwa. Wina anati mawaya apsa, ndipo Layisoni anasenda tepi yonse, nadula apa, nalumikiza apo, mpaka iye mwini sankadziwanso waya wochokera kuti ndi wopita kuti. Usiku sankagona bwino. Chimene chinkamusokoneza kwambiri n'chakuti chinthu chilichonse akachiyesa pachokha chinkaoneka chamoyo. Babu labwino, waya wabwino, swichi yabwino. Akaziphatikiza, bodza.

Inu amene mwakhala apa mwadziwa kale pamene panali vuto. N'chifukwa chakuti ine ndakuuzani nkhaniyi mwadongosolo. Iye analibe womuuza mwadongosolo, ndipo pakati pa penti ndi mavutowo panadutsa miyezi isanu ndi umodzi. Mpaka anayamba kumuyang'ana ndi diso loipa mnzake wina wapasiteji, poganiza kuti waiponyera mankhwala njingayo.

Lolemba lina masana anakweza mayi wonyamula mathireyi a mazira. Ali pamsewu wa phula, mbuzi zinadumphira kutsogolo. Layisoni anaponda buleki. Pambuyo pawo pankabwera lole ya mchenga. Dalaivala wa loleyo sanaone getsi lofiira, anaona indiketa ya kumanzere, nati wakabazayu akupatuka kundisiyira msewu. Sanachepetse liwiro. Layisoni anamva chimphepo kukhosi, nagwetsera njinga m'ngalande. Lole inaima patali, matayala akununkha. Mayi uja anasupuka chigongono ndi bondo, mazira onse phwaa, ndipo anakhala pansi n'kulira mokweza, akutchula mayina a ana ake mmodzimmodzi.

Nkhani inafika pasiteji iye asanafike. Wapampando wa akabaza anamuitana pamaso pa onse.

"Achimwene, njinga yanu imanama," anatero. "Yopanda magetsi ili bwino, anthu amaisamala. Yanuyi imauza anthu zina ikuchita zina. Mwatsala pang'ono kupha mayi wa ana anayi. Loweruka m'mawa tidzaiyesa pano. Ikadzanamanso, pasiteji pano musadzaimenso, ndipo kuyambira lero mpaka tsikulo musakweze munthu."

Siteji imeneyo ndiyo inali munda wake Layisoni. Analibe pena pogwira.

Dalaivala wa lole uja anali atatsatira kudzaona ngati anthu ali moyo. Anali munthu wachikulire, woyenda maiko. Anapempha kuti aponde buleki, nayang'ana mmene indiketa ikuyakira, napukusa mutu.

"Imeneyi ndi ethi," anatero. "Ilibe ethi njingayi. Konzani ethi basi, zonsezi zitha."

Anakwera lole yake n'kumapita. Layisoni akanatha kumuthamangira n'kufunsa kuti ethiyo n'chiyani. Koma anzake anali pomwepo akumvetsera, ndiye anangogwedeza mutu ngati munthu amene ankaganiza zomwezo kale.

Tsono Layisoni sanali mbuli. Kusukulu anaphunzira kuti ethi pachingerezi ndi dothi. Anaonaponso anthu oika magetsi m'nyumba akukhomera chitsulo pansi kuseri kwa khoma n'kumangirirapo waya, ndipo chimenecho ankachitchula ethi. Zinamveka. Nyumba imakhudza dothi, njinga imaima pamatayala a mphira. Ndiye kuti magetsi ake ankalira dothi.

Lachiwiri anatenga waya wautali, namulumikiza kuwaya wakuda wa getsi la kumbuyo, kumapeto kwake n'kumangako msomali kuti uzikwekwereza pansi. Anaponda buleki. Indiketa inayaka. Anati mwina dothi ndi louma, nathirapo madzi. Indiketa inayakabe. Anati mwina msomali wachepa, naikako wa mainchesi sikisi. Anayenda nayo mpaka kumsika, msomali ukulira ngwee ngwee pamiyala, anthu akuloza kuti njinga yachikasu ija yamera mchira.

Musaseke kwambiri. Munthu amene ntchito ikumuthera m'manja amayesa chilichonse.

Ndipo Lachitatu kunachitika chinthu chimene chinamalizitsa kumuzunguza mutu. Akudutsa pamabampu pafupi ndi chigayo, msomali uja unadumpha n'kukodwa paekizozi, pachitsulo chopanda penti. Iye sanaone. Anangomva mnzake akukuwa pambuyo kuti, "Layaka! Lofiira layaka!" Anaima. Anaponda buleki, getsi lofiira ngwee. Indiketa ya kumanja, bwinobwino. Hutala inalira mpaka nkhuku zinathawa. Anavina pamsewu pomwepo. Atasuntha njinga, msomali unagwa pansi, ndipo bodza linayambiranso.

Anakhala pamwala n'kuganiza. Kunyumba zakana. Kumsika zakana. Pachigayo zatheka. Ndiye kuti dothi la pachigayo ndi losiyana ndi lina lonse. Anatola chitini cha mkaka, nadzazamo dothi la pamalo penipenipo, nabaya msomali uja m'dothimo, n'kumangirira chitinicho pansi pa mpando ndi mphira. Anaponda buleki mtima uli m'mwamba.

Inayaka indiketa ya kumanzere.

Lachinayi lonse anangokhala pakhonde kuyang'ana njingayo. Sanaikhudze. Anali atasowa chofunsa, atasowanso womufunsa. Dzina limodzi lokha linkabwera m'mutu mwake, iye n'kumalikankha. Linkabweranso. Anali ndi manyazi, komanso anali ndi mantha, ndipo sankadziwa chachikulu n'chiti.

Lachisanu m'mawa anailiza, nayamba ulendo wa kumudzi. Anayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa msewu, pokhota akuloza ndi dzanja ngati wapanjinga yakapalasa.

Anafika dzuwa lili pamutu. Chisakasa chimene mkulu wake ankakonzeramo magalimoto chinali chopanda kanthu, udzu utamera pamene pankadontha oilo. Mkuluyo anali pampando pakhonde. Sanatembenuze nkhope, anatembenuza khutu.

"Injini imeneyo ndikuidziwa," anatero. "Layisoni?"

"Ndine, achimwene."

Atayandikira anaona. Maso onse awiri anali atayera ng'ala. Mlamu wake anatuluka m'nyumba, namupatsa moni, n'kunong'ona kuti kuyambira mwezi wa Okutobala amangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Layisoni anakumbukira mayi wa tomato uja ndi yankho limene anamupatsa. Anakhala pansi padothi.

"Sunabwere kudzaona maso," anatero mkuluyo, koma osati mwaukali. "Njinga yatani?"

Layisoni anafotokoza zonse, za buleki, za hutala, za lole ndi mayi wa mazira, za Loweruka. Mkuluyo anamvetsera osamudula mawu. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndigwire. Ndifikitse pathanki."

Mng'ono anagwira dzanja la mkulu wake n'kuliika pafulemu. Chala chinayenda chokha, chinatsika m'munsi, chinapeza bawuti. Chinasisita mozungulira. Dzanja linalo pofufuza pogwira linagunda chitini pansi pa mpando.

"Nanga ichi?"

"Ethi, achimwene."

"Chiyani?"

"Dothi la pachigayo. Anandiuza kuti njingayi ilibe ethi."

Mkuluyo anapapasanso chitinicho. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anagwira chiwongolero kuti asagwe, misozi ikutsika m'maso oyerawo. Mlamu anathamanga kudzaona, chifukwa panali patapita miyezi asanamve kuseka kumeneko.

"Mwana wa mayi anga," anatero atapuma, "ethi ya njinga si dothi ayi. Ndi thupi la njinga yomweyi. Magetsi akachoka m'batire ayenera kubwerera m'batire. Popita amadzera m'waya, pobwerera amadzera m'chitsulo, ndipo khomo lawo ndi apa pali chala changapa. Unapakapo penti, anatsala n'kampata m'mazinga a bawuti. Mvula yabwera, dzimbiri latseka kampatako. Tsopano akafika kubuleki akusowa pobwerera, ndiye akuthyola njira kudzera m'mababu a anzawo. Indiketa ilibe mlandu. Ndikanakuuza zimenezi tsiku lomwe lija. Ndinkaona ngati mawu ndi odula."

Anapempha mkazi wake kuti abweretse sipanala ya teni ndi mpeni wakukhitchini. Anazipereka kwa Layisoni.

"Pala wekha. Ine ndingakuonongere malo aakulu."

Layisoni anamasula bawuti, nachotsa waya wakuda. Anayang'ana chikasu chosalalacho, chimene anachipaka ndi mtima wake wonse, chimene chinamuchotsera dzina la Zigamba. Anaika nsonga ya mpeni. Penti yoyamba inachoka, yachiwiri, yachitatu, mpaka chitsulo chinaoneka, kamalo kotuwa kosakongola, kukula kwake ngati chikhadabo. Anapalanso kamutu ka waya, nabwezera, namanga zolimba. Anadula waya wa msomali n'kutaya chitini kudzala. Analiza injini.

"Ponda buleki," anatero mkuluyo.

Anaponda.

"Chayaka n'chiyani? Undiuze, ine sindikuona."

Layisoni anasuzumira kumbuyo kwa njinga.

"Lofiira, achimwene. Lokhalo."

"Indiketa ya kumanja."

"Yayaka. Ikuphethira yokha."

Anayesa chimodzichimodzi, wina akulamula, wina akunena chimene chayaka, ndipo palibe chinanama. Atatha mkuluyo anasiya dzanja lake pathanki, injini ikunjenjemera pansi pake.

"Nanga abuluu aja? Alipo?"

"Alipo."

"Yatsa."

Anayatsa. Mkuluyo anaweramitsa nkhope pafupi ndi thanki, pafupi kwambiri, nakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anaweramuka.

"Sindikuwaona," anatero. "Koma tsiku lija ndinawaona. Anali okongola, Layisoni. Sindinakuuze."

Loweruka njinga inayesedwa pasiteji ndipo inanena zoona. Layisoni akadakwezabe anthu mpaka lero. Mukadzakwera njinga yachikasu pa Mitundu, mudzasuzumire m'munsi mwa thanki, mudzaona kachipsera. Amakapaka girisi kuti kasachite dzimbiri, koma penti ayi.

Abale anga, ena mwa inu kunyumba kwanu kukuyaka magetsi olakwika. Mwana wataya madzi pang'ono, mwamukalipira ngati wawotcha nkhokwe. Akazi anu afunsa funso wamba, mwamenyetsa chitseko. Mwasintha ntchito, mwasintha anzanu, ena mwasintha ndi mpingo womwe, ndipo mukudabwa kuti zikungopitirira. Mwanayo alibe mlandu. Alipo munthu wina amene munatseka njira yobwerera kwa iye, n'kupakapo bwinobwino kuti pasaoneke, ndipo dzina lake labwera m'mutu mwanu ine ndikulankhula. Inunso akulu ouma pakamwa, mawu abwino amene mukusungira mng'ono wanu mukuwasungira tsiku liti? Lekani kuyenda ndi dothi m'chitini. Tengani mpeni mupale, ndipo mupite sabata yomwe ino, maso ake akadaona.